Kodi Nyali Ingaone Nthenda M'kati mwa Bere?

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za khansa ya m'mabere, makamaka za makina amene ayesa kuiona nthendayi ndi kuunika. Amai mundikhululukire pochula za thupi lanu pa bwalo. Ndicita ici cifukwa mlandu uwu suli wa akazi okha ai. Kawiri-kawiri wotulutsa ndalama ya ulendo wa ku cipatala ndiye mwamuna, kapena mwana, kapena mlongo amene ali pa nchito kuno ku tauni. Ndipo iyenso ayenera kudziwa cimene ndalama yaceyo ingagule ndi cimene singathe kugula.

Ambiri a inu kwanu ndi kum'mawa. Tiyeni tsono titenge dziko la Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi, likhale citsanzo cathu. Mai wa kumeneko akamva kanthu kolimba m'bere mwace posamba, njira yace iri yotere. Ayamba ku kiliniki ya pafupi, nacokapo kunka ku cipatala ca pa boma. Akamtumiza ku Chipata, ndiwo makilomita ngati 180. Akamtumizanso ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, cipatala ca khansa cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, aonjezapo makilomita oposa 550. Munda atsala nao yani? Ana awaphikira ndani? Ndalama ya basi, ya cakudya ndi ya womperekeza icokera kuti?

Cotero munthu akamva kuti kuli kanyali konga toci, kogulitsidwa pa intaneti, kamene mai angadziunike nako m'nyumba mwace ndi kudziwa pomwepo ngati ali bwino, mtima wace uti, "Si ici nanga! Ndigule ndiwatumizire amai." Cifundo cotere ncabwino ndithu. Koma Safunsa anadya phula. Tiyeni tiyambe tafunsa.

NZERU YACE YA NYALI

Mwana ali yense amene anasewerapo ndi toci adziwa kuti ukaphimba galasi lace ndi dzanja mumdima, zala zioneka zofiira ngati makala a moto. Kuunika kwa toci kuli ndi mitundu yambiri pamodzi, monga tiona pa utawaleza. Magazi ameza mitundu ina, monga wobiriwira ndi wabuluu, koma wofiira upitako ndithu. Kupitirira pa kufiira kulinso kuunika kwina kumene maso athu satha kukuona, kochedwa infrared, ndipo kumenekonso kulowa m'mnofu.

Tsono khansa iri ndi khalidwe ili: kuti ikule, imeretsa mitsempha yace yatsopano ya magazi, yambiri ndi yopiringizana, yoibweretsera cakudya. Dokotala wa ku America, Judah Folkman, analongosola cimeneci m'caka ca 1971. Pamene pali magazi ambiri pameza kuunika kwambiri. Cotero ukaunika bere kucokera kunsi m'cipinda ca mdima, pa malo a cotupa payenera kuoneka mthunzi. Nzeru yace ndi yomweyo, ndipo siyabodza ai.

Ndiponso siyatsopano. M'caka ca 1929 dokotala wina wa ku New York, dzina lace Max Cutler, analemba za kuunika mabere a odwala ndi nyali yamphamvu. Anaona kuti thumba la madzi oyera lilola kuunika kupita, koma cotupa colimba ndi magazi oundana zicita mdima. Komabe njirayi siinakhazikike m'zipatala. Nyali yamphamvu inali kutentha khungu, ndipo mthunzi umene unaoneka unali wosalongosoka.

Cifukwa cace nciani? Inu a pansi pa mgodi mucidziwa bwino. Pamene pfumbi lidzaza njira, nyali ya pa cisoti canu iri kuyaka ndithu, koma nkhope ya mnzanu amene ali pafupi simuiona. Muona kuyera kokha-kokha. Oyendetsa galimoto m'nkhungu ya m'mamawa aona comweco. Kuunika kugunda pa pfumbi ndi kumwazika mbali zonse. Mnofu wa munthu ucita cimodzi-modzi. Kuunika kukalowa m'bere, kusanayende ndi milimita imodzi yomwe kwayamba kale kupotoka, ndipo kupotoka kambiri-mbiri kusanatulukire mbali yina. X-ray, ija ikujambulani cifuwa pokupimani za pfumbi la mgodi, ipyoza molunjika. Ndico cifukwa cithunzi cace cioneka bwino.

Cotero cotupa cacikulu cokhala pafupi ndi khungu, nyali ingacionetse. Koma cimeneco dzanja linacipeza kale. Cacing'ono conga njere ya cimanga, cokhala m'kati-kati kapena pafupi ndi nthiti, cibisika m'kuyera kuja. Ndipo cimene madokotala afunitsa kucipeza ndi cacing'onoco, pakuti ndico cicizika bwino.

AGALU AWIRI

Nanga tidziwa bwanji kuti makina akuti anena zoona? Makina opimira matenda ali ngati galu wa pakhomo, ndipo galu alakwa m'njira ziwiri. Wina agona tulo mbala iri m'khola. Wina auwa usiku wonse, pa mphepo, pa mwezi, ndi pa mwini nyumba yemwe. Woyamba akutayitsa mbuzi. Waciwiri akusowetsa tulo kufikira uleka kumsamala.

Cifukwa ca ici madokotala poyesa makina atsopano afunsa mafunso awiri. Loyamba: mwa akazi 100 amene alidi ndi khansa, makinawa apeza angati? Laciwiri: mwa akazi 100 amene alibe, makinawa aopsya angati pacabe? Wogulitsa akakuuzani ciwerengero cimodzi cokha, dziwani kuti cinaco wacibisa m'thumba. Pakuti galu wouwa pa zonse sadzaphonya mbala ndi imodzi yomwe, koma palibe angamuche mlonda wabwino.

M'zaka za m'ma 1980 nyali ija inabweranso, tsopano yolumikizidwa ndi kamera ndi wailesi ya kanema. Madokotala a ku Sweden anaiyesa pa akazi 2,568, naipikisanitsa ndi mammogram, ndiyo X-ray ya bere, ndipo analengeza zimene anapeza m'caka ca 1990. Mammogram inanamizira khansa akazi ngati 7 mwa 100 ali onse. Nyali inanamizira 19. Ndiponso pa zotupa zing'ono-zing'ono nyali inaphonya zambiri. Ndiye kuti galu mmodzi yemweyo anali wouwa pacabe, analinso wogona tulo.

Kuli makina ena amene sawalitsa kanthu, koma ajambula kufunda kocokera pa khungu, nakuonetsa m'mitundu yokongola, yofiira, yacikasu ndi yobiriwira. Achedwa thermography. Cithunzi cace ukaciona uti nzeru zonse zathera pomwepo. Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku Philadelphia madokotala anawerenga zotsatira za kupima kokwana 16,000, nazilengeza m'caka ca 1977. Mwa zotupa 100 za khansa, cithunzi ca kufunda cinapeza 39 zokha, pamene X-ray inapeza 78. Ndipo m'caka ca 2019 bungwe la boma la America loyang'anira mankhwala ndi makina a m'zipatala, lochedwa FDA, linacenjezanso anthu kuti thermography isalowe m'malo mwa mammogram.

MAKINA A MASIKU ANO

Kodi tsono kuunika kulibe nchito konse? Iai, si cimene ndirikunena. Ophunzira sanagwe mphwayi. Lero kuli makina amene aika timaso tambiri mozungulira bere, ndipo kompyuta iwerengera m'mene kuunika kunamwazikira, nionetsa kuculuka kwa magazi ndi kwa mpweya umene magaziwo anyamula. Ambiri a makina otere akali kuyesedwa m'masukulu aakulu. Ena aphatikiza kuunika ndi phokoso. Kuwala kwa laser kukang'anima m'mnofu, magazi afunda pang'ono zedi natukumuka, ndipo kutukumukako kutulutsa kaphokoso kamene makutu athu sakamva koma makina akamva. Popeza phokoso silimwazika monga kuunika, cithunzi cioneka bwinopo. Makina a mtundu umenewu, ochedwa Imagio, analoledwa ku America m'mwezi wa January, 2021.

Tamverani ziwerengero zace. Anawayesa pa akazi oposa 2,000 amene anapezeka kale ndi cotupa. Mwa zotupa 100 zimene zinali khansa, anazindikira 96. Koma mwa zotupa 100 zosaopsya anamasula 43 zokha, ndipo 57 zotsalazo anazikayikirabe. Sikani payokha inamasula 28. Cotero makinawa angathandize kucepetsa akazi olasidwa singano pacabe. Koma taonani: awa ndi makina a mtengo wapatali, ogwiritsidwa nchito ndi dokotala wophunzira, pa cotupa cimene capezeka kale, ndipo anawalola kuti akhale othandizira cabe, osati oweruza. Ngati makina otere akayika comweci, nanga kanyali ka mabatire ka m'thumba?

Pali cinthu cinanso cimene ife akuda tiyenera kucisamala. Cimene cidetsa khungu lathu cimezanso kuunika. Ambiri munaona kacipangizo kaja kowala kofiira kamene anamwino apana nako cala popima mpweya wa m'magazi, kamene kanaculuka m'nthawi ya Covid-19. M'caka ca 2020 madokotala a ku Michigan anapeza kuti kanali kuphonya kucepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupi-fupi katatu kuposa mwa azungu. Cala ncacing'ono, nanga bere? Makina oyesedwa pa akazi a ku Ulaya ayenera kuyesedwanso pa akazi a kwathu tisanawakhulupirire. Onjezanipo ici, kuti bere la mai woyamwitsa, kapena lotupa ndi mafinya, kapena logundidwa, licita mithunzi yace-yace yosokoneza.

Kapena mai wina adzati, "Nanga bwanji ku kiliniki anationa khomo la ciberekero ndi nyali ndi kamera, natiuza tsiku lomwelo?" Funso limeneli nlabwino. Nchito imeneyo inayamba mu Lusaka m'caka ca 2006, ndipo yafalikira m'zigawo zonse za Zambia. Namwino apaka viniga, malo odwala ayera, ndipo awajambula. Apo kuunika kuthandiza cifukwa nthenda iri pamwamba, poonekera, monga cipere pa khungu. Koma khansa ya m'bere iri pansi, monga mwala wa mkuwa, ndipo za pansi zifuna njira yina.

NJIRA YOTSIMIKIZA

Njira imeneyo a ku migodi muidziwa. Kampani siikumba mgodi cifukwa munthu waona mwala wobiriwira ndi nyali. Iyamba yaboola pansi, itulutsa kamwala kaja mukacha sampulo, nikatumiza kukapimidwa. Pamenepo ndipo idziwa ngati muli mkuwa, ndi kuculuka kwace.

Madokotala acita cimodzi-modzi, m'makwerero atatu. Loyamba ndilo manja a namwino kapena a dokotala wophunzitsidwa, amene apapasa bere ndi m'khwapa. Laciwiri ndilo cithunzi: sikani, yonga ija ajambulira amai apakati, imene isiyanitsa thumba la madzi ndi cotupa colimba, kapena mammogram, makamaka kwa amai opitirira zaka 40. Lacitatu ndilo singano: atengako kanyama kakang'ono pa cotupa, nakayang'ana ndi makina okuza tinthu tating'ono. Ici cichedwa biopsy, ndipo ndico cokha cinena motsimikiza kuti iyi ndi khansa kapena iai. Ngakhale mammogram yomwe iphonya nthawi zina, makamaka mwa akazi ocepa msinkhu a mabere olimba. Ndico cifukwa dokotala wosamala sasiya cotupa comveka ndi dzanja pakuti cabe cithunzi cayera. Ena anong'onezana kuti singano ifalitsa nthenda. Musaope singano, cofunika kuciopa ndi miyezi imene ipita mai ali khale. Ndipo cokondweretsa ndi ici, kuti zotupa zambiri za m'bere zikapimidwa zipezeka kuti siziri khansa.

Tsono taonani ngozi yeni-yeni ya kanyali kaja. Kakaonetsa mthunzi pamene palibe nthenda, mai ataya tulo ndi ndalama ya basi. Ico ncowawa, koma cipola. Koma kakayera pamene nthenda iripo, mai ati, "Ndiribe kanthu," nabwerera ku munda. Dzinja lipita, masika apita, ndipo pamene bere liphulika cironda, nthenda yafika kale m'khwapa, m'mapapu kapena m'mafupa. Akulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Muno mu Zambia khansa ya m'mabere ndiyo yaciwiri mwa akazi, yotsatana ndi ya khomo la ciberekero, ndipo ambiri afika ku cipatala nthenda itakula kale. Ofufuza anatsata akazi odwala nthendayi m'maiko asanu, ndiwo Zambia, Namibia, South Africa, Uganda ndi Nigeria. M'caka ca 2020 analengeza kuti mwa akazi a ku Zambia amene anawatsata, osafika theka ndiwo anali ndi moyo patapita zaka 3. M'maiko olemera akazi 9 mwa 10 akhala ndi moyo kupitirira zaka 5. Casiyanitsa kwambiri ndico tsiku limene mai afika pa cipatala, ndi ngati alandira mankhwala onse kufikira kutsiriza. Ndico cifukwa bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linayamba nchito yolimbana ndi nthendayi m'caka ca 2021, ndipo miyeso yace ndi itatu: kuti mwa odwala 100, osacepera 60 azipezeka nthenda ikali yaing'ono, kuti kupima konse kuzitha m'masiku 60 cifikire mai pa cipatala, ndi kuti 80 mwa 100 azitsiriza mankhwala ao.

Ndipo musapeputse manja. Ku Mumbai, m'dziko la India, akazi ophunzitsidwa kupima mabere ndi manja okha anali kupima anzao a m'makomboni. Ofufuza anatsata akazi oposa 150,000 kwa zaka 20, ndipo m'caka ca 2021 kunadziwika kuti kumene akazi anali kupimidwa nthenda inapezeka msanga, ndi kuti mwa akazi a zaka 50 ndi kupitirira, imfa zinacepa ndi pafupi-fupi 30 mwa 100. Manja otere angaphunzitsidwe ku Kapichila monga ku Mumbai, ndipo safuna magetsi kapena mabatire.

COCITA NCIANI?

Amai, dziwani mabere anu monga mudziwa nkhope za ana anu. Mwezi uli wonse, patapita masiku pang'ono cicokere kumwezi, muwayang'ane ndi kuwapapasa, pamodzi ndi m'khwapa. Mukapeza cotupa colimba, kapena nsonga ya bere yalowa m'kati, kapena itulutsa magazi, kapena khungu lacita timaenje ngati khungu la lalanje, kapena pali cironda cosapola, pitani ku kiliniki mlungu womwewo. Musalindire kuti ciyambe kuwawa, pakuti khansa kawiri-kawiri siiwawa poyamba, ndipo ndimo inyengera anthu. Musathe miyezi kufunafuna amene wakulodzani. Amuna nawonso adwala nthendayi, ngakhale ali owerengeka.

Ndipo inu abambo a pa nchito, akazi anu, amai anu kapena alongo anu akakuimbirani foni kuti amva kanthu m'bere, musawayankhe ndi katundu wa m'sitolo. Ndalama imene mukadagula nayo kanyali, atumizireni akwerere basi. Afunseni tsiku limene dokotala wawauza kubwerera, ndipo musaleke kufunsa kufikira zotsatira za singano zitatuluka. Akatumizidwa ku Lusaka, mbale amene ali ndi nyumba m'komboni awapatse pogona. Ndipo dokotala akanena kuti bere liyenera kucotsedwa, musakhale inu oyamba kukana, kapena kuopseza mkazi ndi kutha kwa ukwati. Mai wa bere limodzi alima, aphika, alera ana ace, naona adzukulu.

Wina akabwera kwanu ndi makina ounikira, kaya pa msika, kaya pa msonkhano, kaya pa foni, mfunseni mwaulemu mafunso atatu. Kodi anayesedwa pa akazi angati, ndipo ku dziko liti? Mwa akazi 100 odwala aphonya angati, ndipo mwa 100 amoyo aopsya angati? Kodi a Unduna wa za Umoyo anawabvomereza? Wa zoona sadzapsya mtima ndi mafunso otere. Ndipo ngakhale makinawo atayera bwanji, ngati dzanja lamva cotupa, ulendo wa ku kiliniki ukhalepobe.

Kapena tsiku lina ophunzira adzatipatsa nyali yoona bwino, yochipa, yoyesedwa pa akazi a kwathu, imene namwino wa kumudzi angainyamule m'cikwama. Likadzafika tsikulo tidzakondwera, ndipo mudzamva pa wailesi pano. Koma mai amene wamva cotupa m'mawa uno sangalindire tsikulo. M'mera mpoyamba. Amene muli ndi mafunso tilembereni kalata, ndipo tidzakawafunsira kwa madokotala.